Kufunafuna nyumba ya thambo lamdima pafupi ndi Lusaka: mafunso ndi mayankho

Chaka chilichonse ikafika miyezi yozizira, pakhomo pathu pamabwera anzanga ndi ana awo kudzasuzumira m'telesikopu. Akaona Mlalang'amba utayala pamwamba pa denga ngati utsi wa mbaula, ena amayamba kufunsa za mapuloti. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene ndimawamva kawirikawiri. Ine chidwi cha zakumwamba chinandigwira pa 21 Juni 2001, tsiku limene kadamsana anadetsa Lusaka masanasana kwa mphindi zitatu ndi pang'ono, nkhuku n'kuyamba kulowa m'khola. Ndinakhala zaka zambiri m'nyumba ya lendi ku Kabwata, ndipo tsopano ndili kunja kwa tauni, cha kum'mwera chakum'mawa.

Kodi kuti ndiziona nyenyezi ndiyenera kusamuka basi?

Ayi, si aliyense. Ngati mtima wanu uli pa mwezi ndi mapulaneti, khalani pomwe mulipo. Zimenezi n'zowala kwambiri, malaiti a m'tauni sazigonjetsa. Ku Kabwata ndinkaona bwinobwino mphete za Saturn ndi miyezi inayi ikuluikulu ya Jupiter nditaima pakati pa chingwe choyanikira zovala ndi thanki ya madzi. Tili ndi mwayi: Lusaka ali pa madigiri 15 kum'mwera kwa equator, motero njira imene mapulaneti amayendamo imadutsa pamwamba ndithu, osati m'mphepete mwa thambo momwe mumadzaza fumbi ndi utsi. Komanso mzindawu uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,280 kuchokera pa nyanja yamchere.

Chimene tauni imakulandani ndi zinthu zowala mofooka: Mlalang'amba, mitambo ya mpweya momwe nyenyezi zimabadwira, ndi milalang'amba ina yakutali. Ngati n'zimenezi mukuzifuna, pamenepo nkhani yosamuka ili ndi mutu.

Ndichoke makilomita angati kuchoka pakati pa tauni?

Kalembera wa 2022 anapeza anthu oposa 2 miliyoni m'boma la Lusaka lokha. Malaiti a anthu onsewa amawalitsa fumbi ndi chinyezi cha mumpweya, ndiye mzinda umavala chisoti chowala chimene munthu wochokera ku Chipata usiku amachiona asanafike n'komwe ku Chongwe.

Kuwala kumeneku kumachepa msanga mukamatalikira. Katswiri wina wa ku America, Merle Walker, anayeza zimenezi m'zaka za m'ma 1970 ndipo anapeza kuti mukachulukitsa mtunda kawiri, kuwala kwa mzinda pa thambo lanu kumatsika pafupifupi kasanu kapena kasanu ndi kamodzi. Ndiye kuti amene ali pa makilomita 30 wapindula kwambiri kuposa mnzake wa pa makilomita 15, ngakhale pa galimoto kusiyana kwake kuli kwa mphindi zowerengeka. Mmene ine ndaonera, mkati mwa makilomita 10 Mlalang'amba umangooneka mwa apo ndi apo. Mukapitirira 20 umayamba kuoneka usiku uliwonse wopanda mwezi, ndipo cha ku 40 mumayamba kuona timizere takuda todutsa mkati mwake.

Koma musagule malo poyang'ana makilomita okha. Funso lotsatirali ndi limene ambiri salifunsa, chonsecho ndilo lalikulu.

Mbali iti ya mzinda ndi yabwino: kumpoto, kum'mwera, kum'mawa kapena kumadzulo?

Dzifunseni motere: ndikaima pabwalo langa, chisoti chowala cha Lusaka chidzakhala mbali iti? Mbali imeneyo mwaitaya. Tsono sankhani mbali imene mungalole kutaya, ndipo isakhale ya kum'mwera.

Chuma cha thambo lathu chili kum'mwera. Mtanda wa Kum'mwera, gulu la nyenyezi looneka ngati mtanda, umakwera kufika madigiri 45 okha, ndiko kuti theka la njira yochokera pansi kufika pamwamba pa mutu. Pambali pake pali nyenyezi ziwiri zowala zoulozera, ndipo yowala koposayo ndi Alpha Centauri, imene kuwala kwake kumayenda zaka zinayi ndi miyezi ingapo kuti kutifike. Chapompo pali mtambo wa Eta Carinae, ndi Omega Centauri, mpira wa nyenyezi mamiliyoni zounjikana pamodzi. Mitambo iwiri ya Magellan, imene ndi milalang'amba yaing'ono yoyandikana ndi wathu, imakwera pang'ono chabe: waukuluwo madigiri 36, waung'onowo 33. Anthu a ku London ndi ku Berlin zimenezi sazionako n'komwe ali kwawo, amachita kukwerera ndege. Akale anali nalo dzina la nyenyezi za mbali imeneyi, Kumpotosimpita, ndipo dzinali limakuuzani kale kumene muyenera kuyang'ana.

Ndiye mukagula puloti ku Great North Road, cha ku Ten Miles kapena kupitirira mpaka ku Chisamba, mzinda wonse umakhala kum'mwera kwanu, pansi penipeni pa Mtanda ndi mitambo ya Magellan. Malo ndi abwino, minda ndi yachonde, koma kwa woonera nyenyezi ndiyo mbali yovuta. Kumpotoko mudzaona bwino mlalang'amba wa Andromeda, umene umakwera madigiri 34 m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, koma mwasinthanitsa mbuzi ndi nkhuku.

Ku Great East Road, kupitirira Silverest kulowera ku Chongwe, mzinda umakhala kumadzulo. Nyenyezi zimatuluka kumdima, mumaziona bwino mpaka zitafika pamwamba, n'kukalowera m'kuwala. Kum'mwera kumakhala koyera. Chongwe ili pa makilomita pafupifupi 45 ndipo nayo ikukula, choncho pewani kukhala kumpoto kwenikweni kwa tauniyo.

Ku Mumbwa Road n'chimodzimodzi koma motembenuza: mzinda kum'mawa, mdima kumadzulo.

Ku Kafue Road munthu angaganize kuti ndiko kwabwino koposa poti mzinda wausiya kumbuyo. Vuto n'lakuti msewu umenewu ndi wa mafakitale ndi malori. Pali Chilanga ndi fakitale ya simenti, pali miyala imene amaswa, kenako tauni ya Kafue pa makilomita pafupifupi 45. Mutha kuthawa chisoti chimodzi n'kukapeza china kutsogolo. Kumeneko muyenera kupatuka pamsewu waukulu ndithu.

Ine ndinasankha cha ku Leopards Hill Road. Mzinda umakhala kumpoto chakumadzulo, pamene kum'mwera chakum'mawa dziko limatsetsereka kulowera kuchigwa cha Zambezi, kumene midzi ndi yotalikirana. Kumeneko kulinso Lusaka National Park, imene inatsegulidwa mu 2015, ndipo nkhalango siyatsa babu. Komabe onetsetsani pomwe pali malo a mafakitale a Lusaka South MFEZ, amene ali pafupi ndi pakiyo, kuti asakhale kutsogolo kwanu mukayang'ana kum'mwera.

Nanga mapu a pa intaneti osonyeza kuwala kwa malaiti ndiwakhulupirire?

Akhulupirireni posankha dera, osati posankha puloti. Mapu amenewa amachokera ku zithunzi za satelaiti zojambulidwa usiku, makamaka ndi chipangizo cha VIIRS chimene chinapita kumwamba mu 2011. Chipangizochi sichiona bwino kuwala kobiriwira ngati thambo, pamene mababu oyera a LED amatulutsa kuwala kotereku kochuluka. Motero dera lodzaza ndi ma LED limaoneka lamdima pamapu kuposa mmene lilili. Ndiponso satelaiti singaone babu limodzi la aneba lolunjika pabwalo lanu.

Mudzaonanso manambala a Bortle. Ndi muyeso umene John Bortle anafalitsa mu 2001, woyambira pa 1, mdima weniweni wa kutchire, kufika pa 9, pakati pa mzinda waukulu. Pogula nyumba yoti muzipitabe kuntchito m'tauni, mukapeza 4 mwachita bwino kwambiri, ndipo 5 ndi wokhalika.

Ndingayeze bwanji malo ndekha, wopanda chipangizo?

Pitaniko usiku. Musapereke ndalama ya puloti kapena ya lendi musanaimepo usiku kawiri konse, kamodzi pakati pa sabata, kachiwiri Lachisanu kapena Loweruka pamene mabala, malo ogona alendo ndi mapemphero a usiku wonse zayatsa zonse. Sankhani masiku amene mwezi uli kumdima. Zimitsani galimoto, ikani foni m'thumba, mudikire mphindi 20 kapena 30 kuti maso azolowere. Mukangosuzumira pa WhatsApp mwayambanso kuwerenga.

Ikakhala nyengo ya Epulo mpaka Julayi, Mtanda wa Kum'mwera ndiwo sikelo yanu. Nyenyezi zake zinayi zimaoneka ngakhale ku Kamwala. Pali kanyenyezi kachisanu kofooka kamene kali mkati mwa mtandawo chapambali. Ngati sikakuoneka, malowo ndi a m'tauni basi. Kenako funani Omega Centauri chakumtunda kwa nyenyezi zolozera zija: pamalo abwino imaoneka ndi maso ngati nyenyezi yachimbuuzi. Mayeso omaliza ndi chigamba chakuda chimene chagundana ndi Mtanda, chimene Azungu anachitcha saka la makala. Ndi mtambo wa fumbi wotchinga nyenyezi za kumbuyo kwake, ndipo umaoneka pokhapokha Mlalang'amba wouzungulira ukuwala. Mukaliona sakali ndi maso, malowo ndi abwino.

Kumapeto kwa chaka gwiritsani ntchito mitambo ya Magellan. Waung'onowo ukaoneka popanda kuvutikira, musakayike. Kuwala kwa waukuluwo kwayenda zaka 160,000 kuti kufike m'diso mwanu.

Onaninso mitambo wamba ikamadutsa. Kumdima weniweni mtambo usiku umakhala wakuda ngati dzenje. Ukamaoneka woyera kapena wofiirira, ndiye kuti pansi pali malaiti ouwalitsa.

Ndinapitako usiku ndipo kunali mdima wa ndiweyani. Basi ndigule?

Yambani mwafunsa ngati usiku umenewo malaiti analipo. Izi zinandichitikira. Mu 2024, chaka cha chilala chimene madzi anatsika kwambiri ku Kariba ndipo malaiti ankapita maola ambiri, ndinakaona kapuloti kena pamodzi ndi mkazi wanga. Tinaima pafupi ndi chulu, mphepo ya Julayi ikulowa m'majuzi, Mlalang'amba uli mbee kuchokera kuphiri mpaka kuphiri. Tinabwerera kunyumba titagwirizana zogula. Patapita masiku ndinapitanso ndekha, ndipo ndinapeza makola anayi aatali a nkhuku kuseri kwa mitengo, onse akuwala ngati sitolo, pamodzi ndi getsi lalikulu pamtengo wa pageti. Tsiku loyamba lija dera lonse linali lozimitsidwa. Alimi a nkhuku zanyama ambiri amayatsa usiku kuti nkhuku zizidya, ndipo ndi ntchito yawo, palibe cholakwa. Koma ndikanagula, bwenzi ndikuyang'anizana ndi makolawo usiku uliwonse.

Masiku ano ambiri anagula magetsi a sola a pampanda amene amayaka okha kukada. Amenewo sazima ngakhale malaiti apite.

Papuloti penipenipo ndiyang'ane chiyani?

Imani pomwe mukuganiza kuti telesikopu izidzakhala, yang'anani kum'mwera, tambasulani dzanja mutakunga nkhonya. Nkhonya imodzi ndi madigiri pafupifupi 10. Ngati mtengo, denga kapena thanki ya aneba ikutchinga kupitirira nkhonya ziwiri, mitambo ya Magellan muzidzaiona kwa kanthawi kochepa. Mitengo ya kumpoto ndi kumbali ya mzinda isiyeni, ndi abwenzi anu, imabisa kuwala. Ndipo mtengo wa mango kapena wa mapeyala umene lero ukufika m'chiuno, pakatha zaka 10 udzakhala utadya theka la thambo, choncho pobzala ganizirani mbali.

Pewani dambo. Mapuloti a kudambo amatsika mtengo, koma usiku mpweya wozizira umatsikira komweko, mame amanyowetsa magalasi isanakwane 10 koloko, m'mamawa nkhungu, dzinja udzudzu ndi matope. Pamalo okwera pang'ono ndi pabwino.

Bwalo lonse la simenti kapena la mapeving'i limasunga kutentha kwa masana n'kumakutulutsa usiku, ndipo mpweya wotenthawo umachititsa chithunzi cha m'telesikopu kuvinavina ngati chili pansi pa madzi. Denga la malata limachita zomwezo madzulo. Siyani kachigawo ka kapinga. Mpanda wautali wa njerwa, umene ena amadandaula nawo, kwa ife ndi wothandiza chifukwa umatchinga malaiti a galimoto ndi mphepo.

Msewu wafumbi wodutsa malori a mchenga ukhale kutali ndi pomwe muikepo zida.

Ndi miyezi iti imene thambo la Lusaka limakhala labwino?

Kuyambira Meyi mpaka Julayi. Mvula yatha, yatsuka mpweya, udzu sunayambe kupsa kwambiri, ndipo mausiku ambiri alibe mtambo. Juni mpaka Ogasiti pakati pa Mlalang'amba, cha ku magulu a nyenyezi a Sagittarius ndi Scorpius, pamadutsa pafupifupi pamwamba pa mutu madzulo. Valani zofunda zokwanira, kumazizira zedi.

Kuyambira Ogasiti mphepo imanyamula fumbi, anthu ayamba kutentha tchire, ndipo pofika Seputembala ndi Okutobala thambo limachita chimbuuzi moti dzuwa limalowa lofiira lisanafike pansi. Utsi umenewu umakulitsa chisoti cha mzinda chija. Malo amene mwawaona mu Okutobala n'kukukhutiritsani, mu Juni adzakusangalatsani koposa.

Novembala mpaka Malichi ndi mvula, koma musapachike zida. Usiku umene mvula yagwa masana n'kukanganuka, thambo limayera kuposa nthawi ina iliyonse. Ndiyonso nyengo ya magulu a nyenyezi a Nsangwe ndi Akamwiniatsatana, amene kuno amadutsa pamwamba ndithu.

Kodi mdima umene ndaupeza lero udzakhalapobe zaka zikubwerazi?

Limeneli ndi funso londidetsa nkhawa ngakhale ine. Amene anakulira mu Lusaka akukumbukira Chalala ili tchire, ndi Silverest ili mafamu. Kafukufuku wina amene anatuluka mu 2023, wochokera pa zimene anthu wamba m'maiko ambiri anawerenga kuyambira 2011 mpaka 2022, anapeza kuti thambo la usiku likuwala moonjezereka ndi pafupifupi 10 peresenti chaka chilichonse. Pa liwiro lotere kuwala kumawirikiza kawiri zisanathe zaka 8.

Ndiye yang'anani zimene zili kum'mwera kwa puloti, ndipo funsani kuti ndi za yani. Famu yaikulu imene ayamba kukhomamo mabikoni ndi nyumba mazana za mawa. Phiri lamiyala, paki, kapena malo osamangika ndiwo aneba odalirika. Msewu umene akuti athira tara umabwera ndi mafilingi sitesheni ndi zikwangwani zowala. Funsani ku khonsolo za mapulani a deralo, funsaninso amayi ogulitsa tomato pamphambano, chifukwa iwo amadziwa amene wagula kuti. Ngati thumba likulola, puloti yaikulu imakutetezani: maekala awiri kapena asanu amaika babu la aneba patali.

Malo ambiri amdima ali m'manja mwa mafumu. Mapepala ake amayenda bwanji?

Malinga ndi lamulo la malo la 1995, malo onse m'Zambia ali m'manja mwa Pulezidenti m'malo mwa anthu, ndipo taitolo imene mumalandira ndi lendi ya zaka zosapitirira 99. Malo a taitolo, kafufuzeni kaye ku Lands and Deeds Registry ku unduna wa za malo kuti muone ngati dzina la wogulitsa ndilo lili m'kaundula, ndiponso ngati malowo sanaperekedwe chikole kubanki. Tengani saveya akuonetseni mabikoni.

Malo a mafumu, monga ambiri a ku Chongwe m'dziko la Asoli la Mfumu Yaikulu Nkomeshya Mukamambo II, ali ndi njira yake. Kuti asanduke a taitolo pamafunika chilolezo cha mfumu, kenako khonsolo, kenako Commissioner of Lands. Kalata ya anyakwawa yokha si taitolo. Pitani mwaulemu, musathamange, ndipo musalole kukoma kwa thambo kukuiwalitseni kufunsa za madzi, msewu wa dzinja, chipatala ndi sukulu ya ana. Banja lonse lidzakhala pamenepo usana, inu nyenyezi muzidzaziona maola ochepa.

Mdima sukuitana akuba?

Nkhawa imeneyi ndi yoona ndipo sindiipeputsa. Chimene ndinaphunzira n'chakuti getsi lamphamvu loyaka usiku wonse limathobwa m'maso mwa mwini nyumba n'kusiya mithunzi yakuda bii m'makona. Kwathu tinaika magetsi oyaka pokhapokha chinthu chikadutsa, okhala ndi chisoti pamwamba kuti kuwala kugwere pansi, ndipo onse ali ndi switchi imodzi imene ndimazimitsa ndikatulutsa telesikopu. Pogula babu onani nambala ya pabokosi: 2700K kapena 3000K ndi lachikasu, losavutitsa maso ndi thambo, pamene 6500K ndi loyera lobaya. Galu, loko wabwino ndi kudziwana ndi aneba zimagwira ntchito imene babu silingagwire. Potuluka usiku valani nsapato zotseka ndipo tengani tochi yofiira, chifukwa kuwala kofiira sikuononga kuzolowera kwa maso, koma njoka mumaiona.

Aneba aika getsi lolunjika pabwalo langa. Nditani?

Musayambe ndi dandaulo. Ine ndinadikira usiku umene Saturn anali pabwino, ndinapita pageti n'kunena kuti, "Bambo, ngati muli ndi kanthawi, bwerani ndi ana adzaone chinthu." Anabwera ndi adzukulu awiri. Atachotsa diso pagalasi anafunsa ngati sindinamatemo chithunzi. Kenako ndinawatembenuzira ku Omega Centauri, n'kuwapempha kuti mnyamata wawo akazimitse getsi lija kwa mphindi zisanu. Anaona okha kusiyana kwake. M'mawa mwake tinakwera pamakwerero tonse awiri, tinaliweramitsa kuti liziunika pakhomo pawo, ndipo chisoti chake ndinagula ndine. Mpaka lero mwezi ukakhala kumdima adzukulu aja amaimba belu.

Pafupi ndi bwalo la ndege pali bwanji? Mapuloti akumeneko ndi ambiri.

Bwalo la Kenneth Kaunda lili kumpoto chakum'mawa kwa mzinda ndipo limawala usiku wonse. Mukakhala kum'mwera kwake silivuta kwenikweni. Mukakhala kumpoto kwake, ndiye kuti bwalo ndi mzinda zonse zili mbali yolakwika. Ndipo kumeneko musamalozere nyenyezi ndi tochi ya leza yobiriwira ija, imathobwa oyendetsa ndege.

Sindingakwanitse kusamuka panopa. Palibe njira ina?

Ilipo. Ngati mukuganizira dera lina, yambani ndi lendi chaka chimodzi, mulione nthawi ya mvula, yozizira ndi ya utsi, muyezenso mafuta ndi maola a pamsewu. Ngati ngakhale zimenezo sizitheka, khalani m'tauni muzionera mwezi ndi mapulaneti, ndipo kamodzi pamwezi, mwezi ukapita kumdima, gwirizanani ndi anzanu awiri atatu mupite kwa wachibale wa kufamu. Ambiri a ife tili ndi kumudzi ku Petauke, Katete kapena Chadiza, kumene thambo lake palibe puloti ya mu Lusaka ingalifike. Mukamapita kukaona makolo mu Juni, sankhani masiku opanda mwezi.

Ndigule telesikopu yotani yoti ndiyambire?

Yambani ndi bainokyula ya 10x50 ndi mpando wotsamira. Imakwana m'chikwama, ndiye muzipita nayo kulikonse kumene mukukaona puloti, ndipo muziyang'ana chinthu chimodzimodzi pamalo alionse kuti muyerekeze bwino. Mu Meyi ndi Juni chinthucho chikhale Omega Centauri. Mu Novembala chikhale 47 Tucanae, mpira wina wa nyenyezi umene uli pambali penipeni pa mtambo waung'ono wa Magellan. Lembani m'kabuku tsiku, nthawi, malo, ngati malaiti analipo, ndi zimene mwaona. Telesikopu mudzagula mukadziwa kukula kwa bwalo lanu ndi khomo limene muzidzaitulutsira.